Funsani Azakhali: Kodi ku America kuuza munthu kuti wanenepa ndi mlandu?

Makalata a mwezi uno onse akukhudza thupi: kunenepa, mano, khungu, tsitsi. Ena ndawafupikitsa, ndipo mayina ndawabisa monga mwa nthawi zonse. Ndikuyankha ndili kuno ku Indiana, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba.

Azakhali,
Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku America ndipo ali ndi khanda. Mwezi wamawa ndikupita kukamuthandiza kulera. Tsiku lina tikucheza pa foni ya vidiyo anandionetsa mlamu wake, mtsikana wachizungu amene pa ukwati ndinamuona ali wochepa thupi. Ndinakondwera n'kunena kuti, "Muuze kuti wanenepa bwino, banja lamuyanja." Mwana wanga anakana kumasulira, ndipo titatsala awiri anandikalipira ngati kamwana. Ndinalakwa chiyani?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Mayi, mwana wanuyo mum'tengere chitenje chabwino, chifukwa anakupulumutsani. Akanamasulira mawu amenewo, mlamu wakeyo akanamwetulira n'kunena kuti zikomo, kenako akanakalirira kubafa. Ndipo zaka khumi zikubwerazi akanakumbukirabe.

Kwathu mawu amenewo ndi dalitso, ndipo tikudziwa kumene amachokera. Munthu akanenepa ndiye kuti m'nyumba mwake muli chakudya ndi mtendere. Ife amene tinaika maliro ambiri m'zaka za m'ma 1990 sitinaiwalenso zimene anthu ankanong'onezana wina akayamba kuonda. Kuno zinthu zili chadodolido. Chakudya chonenepetsa ndicho chotchipa: baga, chipisi, pitsa, zakumwa za shuga za m'makapu akuluakulu. Amene amadya zimenezi tsiku ndi tsiku kawirikawiri ndi munthu wogwira ntchito ziwiri, wopanda nthawi yoyatsa mbaula. Ndiwo zamasamba zongothyola kumene, nsomba, ndalama yolipira ku jimu mwezi ndi mwezi, nthawi yothamanga m'mawa, zonsezi zimafuna thumba lolemera. Choncho m'maso mwa eni dziko ambiri, woonda ndi amene zake zikuyenda, wodziwa kudzigwira. Wonenepa amamuona ngati walephera kudzilamulira, ngakhale zitakhala kuti n'chibadwa cha kwawo kapena ndi mankhwala amene dokotala anam'patsa.

Musaganize kuti mukatsika ndege mukaona anthu oonda okhaokha. Bungwe la boma loona za matenda, la CDC, limati pa akuluakulu 10 aliwonse, 4 ndi onenepa mopitirira muyezo wa zaumoyo. Ndiye anthu ochuluka chonchi amadzuka m'mawa uliwonse n'kuona pa TV ndi pa foni matupi osafanana ndi awo, akuuzidwa kuti amenewo ndiwo abwino. Mu 1988 Oprah Winfrey, mayi wotchuka uja wa pa TV, analowa pa pulogalamu yake akukoka kangolo kodzaza mafuta a nyama olemera makilogalamu pafupifupi 30, pofuna kuonetsa kuchuluka kwa thupi limene anataya. Thupilo linabwerera, ndipo manyuzipepala anamuseka kwa zaka zambiri. Mu 2023 anaulula kuti akugwiritsa ntchito mankhwala ochepetsa thupi. Ngati mayi wa chuma chonsecho sanapume pa nkhaniyi, kuli bwanji mlamu wa mwana wanuyo?

Masiku ano nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya jakisoni. Ozempic anabwera mu 2017 ngati mankhwala a matenda a shuga, kenako mu 2021 kunabwera Wegovy, wochepetsa thupi, amene poyamba mtengo wake unkapitirira madola 1,300 pamwezi kwa munthu wopanda inshuwalansi. Kuntchito kwathu wina akaonda mwadzidzidzi, anzake amangoyang'anana, koma palibe amene amam'funsa pamaso. Tsankho lake ndi lenileni moti madera ena anachita kulikhazikitsira malamulo: chigawo cha Michigan chinaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha kunenepa, kutalika kapena kufupika kwake, ndipo mzinda wa New York unachita chimodzimodzi mu 2023.

Si onse amaganiza chimodzimodzi. Pakati pa anthu akuda a kuno ndi ochokera ku Mexico kapena ku Caribbean, mkazi wodzaza thupi amayamikiridwa, ndipo agogo awo amakakamiza alendo chakudya ngati mmene inu mungachitire. Komabe ngakhale kumeneko, mawu oti wanenepa sachokera kwa mlendo. Kunena kuti "waonda bwino" nakonso n'koopsa, pakuti simudziwa ngati munthuyo akudwala khansa kapena banja likutha. Mkazi wa mimba yaikulu musam'funse kuti mwana abadwa liti pokhapokha atayamba yekha kunena, ndipo musam'gwire pamimba.

Mukafuna kuyamikira, yamikirani chimene munthu wasankha yekha tsikulo: malaya, nsapato, ndolo, kametedwe, chakudya chimene waphika. Kumeneko mawu onse ndi anu, amakondwa kwambiri. Mwana wanu amene wangobereka kumeneyonso musamunene za thupi pamaso pa mwamuna wake ndi apongozi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ine kuganiza kwanga, kukhala chete kwa anthu a kuno si kukoma mtima kokhakokha. Amaona, amaweruza, n'kusunga mumtima. Koma ifenso timapyola malire. Munthu wangotsika basi, asanakhale n'komwe, tayamba kale: wadatu, wakalambatu, mimbayi bwanji. Ameneyo si moni.

Azakhali,
Ndapeza mwayi wokaphunzira pa yunivesite ina ku America. Bambo anga andisoketsa masuti atatu kuti ndisakachititse manyazi banja. Koma m'mafilimu ndimaona ophunzira ali m'makabudula. Ndikavale chiyani kuti asakandione ngati wakumudzi?
Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

Mwanangu, tenga suti imodzi, ziwirizo usiyire ang'ono ako. Bambo uwathokoze bwinobwino, chifukwa kwa iwo suti ndi ulemu, ndipo sanalakwe. Koma m'kalasi ukapeza mphunzitsi wamkulu wa madigiri atatu ali mu jinzi, ndipo anzako ena akabwera ndi zovala zogonera ndi patapata. Ku sitolo yaikulu ya Walmart usiku ukaona zoti sungakhulupirire. Mark Zuckerberg wa Facebook anatha zaka akuonekera pagulu mu tisheti yotuwa, ndipo palibe anamuyesa mmphawi. Suti ukaifuna pokafunsira ntchito, pa ukwati, pa maliro, ndi m'matchalitchi a anthu akuda, kumene Lamlungu amayi amatchena ndi zipewa zazikulu ndipo abambo amapolisha nsapato mpaka kuwala. Kumeneko ukamva ngati uli kwanu.

Kuno zovala anazimasula, koma thupi analimanga. Ukhoza kuvala nsanza, bola usamveke fungo ndipo mano ako akhale oyera. Ndiyambe ndi fungo, chifukwa ndi nkhani imene palibe adzakuuze. Akangoyamba kukhala patali nawe m'kalasi, iwe n'kumaganiza kuti ndi tsankho la khungu. Nthawi zina limakhaladi tsankho, koma nthawi zina amakhala malaya. Samba tsiku lililonse ngakhale kuzizire bwanji, paka mankhwala a m'khwapa m'mawa uliwonse, ndipo shati imene wavala lero usaibwereze mawa, ngakhale ikuoneka yoyera. M'nyengo yachisanu nyumba zimatsekedwa mawindo kwa miyezi, ndiye fungo la anyezi ndi nsomba zouma limalowa m'majekete osachoka. Ine ndikamakazinga usipa umene andibweretsera ochokera kumudzi, ndimatseka zitseko za kuchipinda ndipo jekete la kuntchito ndimalisiya m'galimoto. Perefyumu wambiri nayenso samufuna, moti zipatala zambiri zimaletsa antchito kudzithira.

Usaganize kuti anabadwa ndi mphuno zakuthwa kuposa zathu. Manthawa anachita kuwagulitsa. Mankhwala oyamba a m'khwapa, otchedwa Mum, anatuluka ku Philadelphia mu 1888, koma anthu ambiri sankaona chifukwa chowagulira. Mu 1919 kampani ya Odorono inalemba m'magazini ya amayi kuti mkazi akhoza kumanunkha thukuta iye osadziwa, amuna n'kumamuthawa osamuuza. Amayi ena anakwiya mpaka kusiya kugula magaziniyo, koma malonda anakwera. M'zaka za m'ma 1920 a Listerine anachita zomwezo ndi fungo la m'kamwa. Gillette anali atatulutsa kale lezala la amayi mu 1915, nthawi imene madiresi opanda manja ankayamba. Patha zaka zoposa 100, ndipo zimene zinayamba ngati kutsatsa malonda lero ndi mwambo, wakuti iwe mlendo uyenera kuutsatira basi.

Mano ndiwo amaulula za munthu kuno. Mwana wa m'banja lopezako akafika zaka 12 kapena 13 amamuika mawaya owongola mano, ndipo makolo amalipira madola masauzande angapo. Akakula amagula zoyeretsera mano m'sitolo. Koma dokotala wa mano ndi wodula, inshuwalansi yake imakhala yapadera, ndipo Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, silipira chisamaliro cha mano cha nthawi zonse. Ndiye munthu akangoseka, anzake adziwa kale nyumba imene anakulira. Okalamba amene ndimawasamalira ndimawatsuka m'kamwa madzulo aliwonse, ndipo sindifunika kufunsa kuti ndani ankagwira ntchito mu ofesi, ndani m'fakitale. Wosowa dzino lakutsogolo amavutika kupeza ngakhale ntchito yogulitsa m'sitolo, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa amalangidwa kawiri pa umphawi umodzi.

Ngati uli ndi dzino lobooka, kalikonzetse usananyamuke, kwathu n'kotchipa. Ngati uli ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, kamene atsikana a kwathu amakakonda, usakatseke. Michael Strahan, amene ankasewera mpira wa kuno ndipo pano amaulutsa pa TV m'mawa, ali ndi mpata waukulu ndipo anthu amam'dziwira pomwepo. Tenganso mafuta odzola okwanira. Chisanu chimatuwitsa khungu lakuda, ndipo anthu akuda a kuno akaona zigongono zotuwa amaseka osabisa.

Chomaliza: pa kalata yofunsira ntchito usaike chithunzi chako, zaka zako, chipembedzo, kapena zoti uli pabanja. Lamulo la mu 1964 linaletsa kusankha antchito poyang'ana khungu, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndiye mabwana amaopa milandu ndipo ambiri safuna kuona nkhope asanakuitane.

Azakhali,
Ndine wakuda kwambiri. Anzanga amadzola mafuta oyeretsa khungu ndipo akuti ngakhale oimba achikuda a ku America ndi oyererako onse. Chibwenzi changa chili kumeneko ndipo chikufuna kundiitanitsa. Ndiyambe kudzola?
Mtsikana wa ku Kasungu

Ayi, mwanangu, usayambe.

Anzakowo sananame kotheratu, ndipo sindikufuna kukupusitsa. Pa nthawi ya ukapolo, umene unatha mu 1865, ndiponso pambuyo pake, oyererako khungu ankapeza mwayi umene akuda bii sankaupeza, ndipo panali magulu ena a anthu akuda okhaokha amene ankasankha mamembala poyang'ana kuwala kwa khungu. Chilonda chimenechi sichinapole, anthu akuda a kuno amachikamba poyera mpaka lero. Mpikisano wa atsikana okongola wa Miss America unayamba mu 1921, koma munthu wakuda woyamba kupambana anali Vanessa Williams mu 1983, ndipo nayenso ndi woyererako. Mpaka posachedwapa mkazi wakuda bii ankavutika kupeza phoda wofanana ndi nkhope yake m'masitolo. Rihanna atatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mitundu 40 ya phoda, mitundu yakuda inatha msanga, ndipo makampani ena anathamangira kutengera. Lupita Nyong'o wa ku Kenya, wakuda ngati iwe, magazini ya People inamusankha kukhala wokongola koposa mu 2014.

Tsono tamva izi. Pamene anzako akugula mafuta oti ayere, atsikana achizungu kuno amalipira ndalama kuti ade. Amagona m'makina a magetsi owotcha khungu, kapena amadzipopera mankhwala a bulauni asanapite ku ukwati, chifukwa kwa iwo khungu lopsa ndi dzuwa limasonyeza munthu amene ali ndi ndalama zokapuma kunyanja. Akatswiri a khansa a bungwe la WHO anaika makina amenewa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009, ndipo mu 2010 boma la America linaikapo msonkho wa 10 peresenti. Akupitabe.

Mafuta oyeretsawo ambiri amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Kuyambira mu 2020 hydroquinone saloledwa kugulitsidwa kuno popanda kalata ya dokotala. Mercury amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amavulaza mwana amene ali m'mimba. Steroid amapyapyalitsa khungu moti chilonda chimachedwa kupola. Ukadzola nthawi yaitali masaya amachita zigamba zakuda zosachoka, zala ndi mawondo zimatsala zakuda, ndipo aliyense amadziwa chimene chachitika. Mnyamatayo anakufunsira uli wakuda. Ngati ndi iye amene akukuuza kuti uyere, ndilemberenso, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina.

Azakhali,
Ndine namwino ndipo ndili ndi madiredi. Ndikukonzekera kukagwira ntchito ku America. Mlongo wanga akuti ndimete kapena ndiike wigi, apo ayi sadzandilemba. N'zoona?
Namwino wa ku Zomba

Achemwali, musamete. Mlongo wanu akunena zimene zinali zoona kwa nthawi yaitali, ndipo m'maofesi ena zikadalipo mobisa. Tsitsi la munthu wakuda lakhala pa mlandu kuno kuyambira kale. Mu 1786 ku Louisiana, dera limene nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi Spain, bwanamkubwa analamula akazi akuda kuti azimanga duku pofuna kubisa tsitsi lawo. M'zaka za m'ma 1900 mkazi wofuna ntchito ya mu ofesi ankayenera kuwongola tsitsi ndi chipeso chamoto kapena mankhwala. Mu December 2018 ku New Jersey mnyamata wa sekondale anametedwa madiredi pabwalo, anthu akuonerera, chifukwa woimbira masewera ogwetsana anati akapanda kumeta aluza. Vidiyo yake inakwiyitsa dziko lonse. Mu 2019 California inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa lamulo lotchedwa CROWN Act, loletsa kusala munthu kuntchito kapena kusukulu chifukwa cha madiredi, zoluka kapena tsitsi lachibadwa. Pano zigawo zoposa 20 zili ndi lamulo lotere, ndiye funsani ngati kumene mukupitako lilipo. Asilikali aakazi nawonso analoledwa madiredi mu 2017. Inu a ku Zomba nkhaniyi si yachilendo, pakuti ndi khoti lalikulu la kwanuko limene mu 2023 linagamula kuti ana a madiredi azilandiridwa m'sukulu za boma.

M'chipatala chimene amafuna n'chakuti tsitsi likhale laukhondo, lomangidwa kumbuyo kuti lisagwere wodwala, ndipo zikhadabo zikhale zazifupi. Ndimagwira ntchito ndi anamwino a madiredi ofika m'chiuno. Konzekerani ziwiri. Odwala ena achizungu, makamaka okalamba, adzafuna kuligwira, ndipo muli ndi ufulu wokana mwaulemu. Chachiwiri ndi mtengo: kulukitsa kumene kwathu mnzako amakuchitira pakhonde, kuno ndalipirapo madola oposa 200. Phunzirani kudzikonza nokha musananyamuke. Za mankhwala owongola tsitsi, kafukufuku wa bungwe la boma la NIH amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti amayi owagwiritsa ntchito pafupipafupi amadwala khansa ya chiberekero kwambiri kuposa osagwiritsa ntchito. Madiredi anuwo akukutetezani ku zimenezo.

Azakhali,
Mbina zimene timaziona pa Instagram za akazi a ku America, n'zenizeni? Tikutsutsana kuno.
Bambo wa ku Johannesburg

Bambo, zina n'zachibadwa, zina n'za foni imene imakonza chithunzi, ndipo zambiri n'za dokotala. Opaleshoni yake amaitcha BBL: amapopa mafuta a pamimba ndi m'nthiti n'kuwabaya kumbuyo. Munthu amatha milungu ingapo osakhala pansi bwino, amagona chafufumimba ndipo amayenda ndi pilo wapadera. Ndi imodzi mwa maopaleshoni okongoletsa oopsa kwambiri, chifukwa mafuta akalowa mumtsempha wa magazi amakatseka m'mapapo, munthu n'kufera pomwepo. Ku Miami kunafa akazi angapo motere, moti mu 2022 akuluakulu a madokotala a ku Florida analamula kuti pobaya mafutawo dokotala aziona ndi makina a ultrasound. Ngati pa mkanganowo munabetcherana, amene anati n'zogula atenge ndalamazo.